Kanyanga m'Nsapato ya Achemwali

Achemwali anga amaseka ndi thupi lonse, mapewa ndi mimba yomwe, ndipo Loweruka limenelo ankaseka ine.

Tinali ku Oakville, kunyumba kwa dokotala wina wa kwathu amene amakonda kuitana anthu nyengo yotentha ikamatsazika. Panali Amalawi, panali a ku Zambia, ana akuthamanga pakapinga n'kumayankha makolo awo m'Chingerezi. Mayi wina anangoyamikira kuti ndameta bwino. Basi, achemwali n'kuika foloko pansi.

"Mufunseni kumene kuli tsitsi wametalo," anatero. "Lili m'chikwama chakecho. Mng'ono wanga uyu akapita kusaluni amagwada pansi n'kumatola tsitsi lake, ati wometayo angamulodze. Kuno ku Canada, abale!"

Anthu anafa nalo phwete. Choipa n'chakuti zinali zoona. Amayi athu anatiphunzitsa tonse awiri kuti tsitsi ndi zikhadabo sasiya pabwalo, ndipo ine sindinaone chifukwa chosiyira mwambowo pabwalo la ndege. Kodi kapepala ka tsitsi m'chikwama kamalakwira ndani?

"Ine ndine namwino," achemwali anapitiriza, atayamba kumva kukoma. "Zaka zonse ndagwira m'chipatala sindinaonepo nyanga pa ekisireyi. Za ufiti n'za anthu opanda sukulu ndi opanda Yesu."

Ndinamwetulira monga amachitira mng'ono waulemu, koma m'kati ndinapsa mtima kwabasi. Ulendo wonse wobwerera ku Mississauga ndinkangoti mumtima, chabwino anamwino, tidzaona.

Nthawi imeneyo tinkakhala awiriwiri m'besimenti, zipinda za pansi pa nyumba ya eni ake, zokhala ndi timawindo toonera miyendo ya anthu odutsa. Tonse tinkagwira ntchito yosamalira nkhalamba, kuzisambitsa ndi kuzidyetsa. Kwa ine sinali nkhani. Kwa achemwali inali minga. Kwathu anali sista wamkulu wa wodi yonse, madokotala achinyamata ankayenda chonyang'ama akawaona. Kuno anauzidwa kuti mapepala awo sakwana mpaka atakhoza mayeso a unamwino a kuno. Analemba koyamba, analephera. Analemba kachiwiri, analephera. Kachitatu analumbira Baibulo lili m'manja kuti n'komaliza, zikakanika aiwala zoti anakhalapo namwino. Mayesowo anali atatsala masabata atatu.

Amene ankawaphunzitsa anali mnzawo wa ku Chipata, namwino wokhoza kale, wokhala ku Oshawa. Loweruka lililonse mayi ameneyu ankadutsa Toronto yense pagalimoto, mabuku ali pampando, kudzakhala ndi achemwali pathebulo lathu lamiyendo yogwedera. Sabata ya ku Oakville yokha ndi imene anapuma. Munthu wabwino ngati ameneyo sindinamuonenso, ndipo ndikunena izi msanga kuti mudziwe kukula kwa tchimo langa.

Eni nyumba yathu anali mayi wachikulire wa ku China, wamfupi, wolima mphonda zazitali kuseri kwa nyumba. Lachisanu lotsatira, ndikuchokera kuntchito masana, anandikodola pakhonde pawo. Anati kwawo ndi nyengo ya chikondwerero cha mwezi, n'kundipatsa keke yozungulira ndi kajumbo ka zinthu zogogoda. Nditasuzumira m'kajumbomo ndinatsala pang'ono kukaponya.

Tinali tinthu takuda bii, tolimba, tonyezimira, kukula kwake ngati chala chachikulu. Kalikonse kanali ndi nyanga ziwiri zopindika, zosongoka, ndipo pakati pake panali nkhope. Inde, nkhope, yokhala ndi mphumi ndi makwinya, ngati mutu wa njati kapena mleme wotambasula mapiko. Munthu wobadwira kwathu sangaone chinthu chotere n'kuganiza za chakudya.

Mayiwo ataona nkhope yanga anaseka mpaka kugwira chitseko. Anandikokera kukhitchini kwawo, n'kutenga kamodzi kophika kale, n'kukadula pakati ndi chimpeni chawo chachikulu, khaa! M'kati munali moyera ngati chinangwa. Anandionetsa pafoni chomera chake, masamba oyandama padziwe ngati namasupuni, tinyangato tikumera kunsi kwa masamba. Dzina lake analitchula katatu, lilime langa linakana. Anandichenjeza ndi chala kuti tosaphika sadya, timadwalitsa m'mimba. Ndinalawa mwaulemu, maso otsinzina. Kukoma kwake kunali kwa nzama zophika, kosakanikira pang'ono ndi mbatata.

Ndikutsika masitepe opita kwathu, kajumbo kali m'manja, Satana anandipeza pa sitepe yachitatu. Keke ndinaika pathebulo. Kajumbo ndinakabisa m'buti yanga ya nyengo yozizira.

Loweruka mayi wa ku Chipata anabwera monga mwa nthawi zonse, anavula nsapato pakhomo pafupi ndi zathu, anaphunzira mpaka madzulo, anapita. Lamulungu m'mawa, achemwali akusamba ndi kuimba nyimbo ya kwaya, ndinasankha kanyanga koipa nkhope kuposa tonse n'kukakankhira kunsonga kwa nsapato yawo yakuda yopitira kutchalitchi. Kenako ndinakhala pampando ndi kapu ya tiyi, ngati mngelo.

Anatuluka atatchena, duku lili nji. Analowetsa phazi.

"Mayo!"

Anagwedeza nsapato, kanthuko kanagwa pansi, n'kugubuduka, n'kuima nyanga zili m'mwamba, nkhope ikuyang'ana iwo. Ngakhale ndikanakonza ndi manja sizikanatheka bwino chotero. Pachala chawo panatuluka kadontho ka magazi.

Pamenepa ndi pamene ndinafunika kuseka. Mawu ndinali nditakonzeratu: anamwino, tengani ekisireyi tione. Koma achemwali sanakuwenso. Anangoima phazi limodzi lili m'mwamba, milomo itauma.

"Usakhudze," ananong'ona. "Iwe, usakhudze. Bweretsa masipuni awiri."

Ndiulule, ndinamva kukoma. Ndinapita kukatenga masipuni ndikudziluma tsaya. Sista wamkulu wa wodi anapana kachipatso ndi masipuni awiri, mkono atautambasulira kutali, n'kukaponya m'botolo la jamu. Anathiramo mchere, anathiramo mafuta odzozera odwala, anatseka, n'kukulunga botololo m'majumbo awiri. Nsapato zonse ziwiri zinapita kubini.

"Kodi si inu munkati za ufiti n'za anthu opanda sukulu?" ndinafunsa, mawu ofatsa ngati a mwana wa kwaya.

"Tseka pakamwa. Ndipo usauze munthu, wamva? Ngakhale abusa."

Akanawauza bwanji abusa, poti nawonso analipo ku Oakville, mbale ili m'manja? Kutchalitchi tsiku limenelo achemwali anapemphera mokweza kuposa onse, atavala nsapato za kuntchito. Titabwerako anakoka thumba la mchere wothira panjira kuti chisanu chisungunuke, umene unatsala chaka chatha, n'kuwaza mzere wonenepa pakhomo pathu ndi pamasitepe ponse. Eni nyumba anatuluka, anayang'ana mcherewo, anayang'ana kumwamba kuli dzuwa phwee, n'kubwerera m'nyumba akupukusa mutu.

Lolemba kuntchito ndinkangoseka ndekha, mpaka bambo wina amene ndinkamumeta ndevu anafunsa ngati ndapeza chibwenzi. Ndinkadziuza kuti mawa ndiulula. Mawa litafika ndinati adikire pang'ono, amve mmene ndinamvera ine pakapinga paja. Lachiwiri tinakumana ndi eni nyumba pachipata, iwo n'kundifunsa ndi Chingerezi chawo chodukaduka ngati ndinaphika, ngati zinakoma. Ndinayankha mofuula kuti keke inali yokoma kwambiri, zikomo, n'kukankhira achemwali kutsogolo kuti basi itisiya.

Lachitatu masewera anatha, ine osadziwa. Ndinapeza achemwali atakhala pathebulo, mabuku ali otseka.

"Ndakhala ndikuganiza," anatero. "Loweruka anavula nsapato pakhomo apa ndani?"

Ndinadziwa pomwepo kuti akunena mayi wa ku Chipata.

"Aaa, achemwali, musatero."

"Ndisatero chiyani? Mayeso oyamba, ankandiphunzitsa ndani? Achiwiri, ndani? Ine munthu amene ndinkakhala nambala wani kusukulu ya unamwino, ndizilephera mafunso osankha yankho? Mutu wanga unkangoti zii ndikalowa m'chipinda chija. Tsopano ndadziwa."

Anatenga mabuku onse a mnzawoyo n'kuwaika m'jumbo lakuda la zinyalala. Foni ikalira ankayang'ana dzina n'kuitembenuza chafufumimba. Ine ndinali pomwepo, pakamwa ndili napo, koma ndinaopa kuulula. Tsiku loyamba chikanakhala chibwana. Tsiku lachinayi chinali chinthu china, ndipo achemwali anga ali ndi dzanja lolemera. Ndinadziuza kuti mtima wawo utsika wokha.

Loweruka mayi wa ku Chipata anabwera ndithu. Tinaona miyendo yake ikudutsa pakawindo, tinamva akuponda mchere pamasitepe. Anagogoda. Achemwali anandigwira mkono kuti ndisasunthe.

"A sisi, nili pano," anaitana mayiyo. "Naona nyali iyaka. Nalakwa chani ine? Niuzeni chabe, nipepese."

Anagogodanso, anadikira nthawi yaitali, kenako miyendo ija inadutsanso pakawindo pang'onopang'ono. Nditatsegula ndinapeza mbale ya chikanda, chakudya cha kwawo ku Zambia, ili pasitepe, yovundikira bwino ndi kansalu. Anaphika m'mawa, anayenda mtunda wonse uja, ife n'kumusiya panja ngati wogulitsa inshuwalansi.

"Kataye," anatero achemwali. Kenako, akuyang'ana khoma, anawonjezera: "Lolemba ndikhansela mayeso. Sindingakalembe nditapondapo kale. Ndizisambitsa nkhalamba zanga, basi, ndi zimene Mulungu wandilembera."

Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire. Chikanda sindinataye, ndinachiika m'firiji. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo amene ankamva m'mimba ndinali ine.

Lamulungu titabwera kutchalitchi ndinatulutsa kajumbo kaja m'buti. Ndinatsuka tinyanga tonse, ndinathira m'poto ndi madzi ndi mchere wa kukhitchini, n'kusiya tibwate nthawi yaitali monga anandiuzira eni nyumba. Madzi anada ngati tiyi wopanda mkaka. Ndinatsanulira m'mbale yathu yaikulu ya alendo n'kukaika pathebulo, pamaso pa achemwali.

Anadumpha, mpando n'kugwa chagada. "Yesu wanga! Zachuluka chonchi?"

Ndinatenga kamodzi, ndinakadula ndi mpeni, ndinakolowola choyera cha m'kati n'kuponya m'kamwa. Ndinatafuna ndikuwayang'ana. Ndinatenga kachiwiri.

"Lavula! Iwe, wapenga? Lavula!"

"N'chakudya, achemwali. Amayi a pamwambawa anandipatsa, pamodzi ndi keke ija munadya theka. Zimamera m'madzi kwawo, ndipo m'sitolo ya Atchaina ija ya pafupi ndi pokwerera basi amagulitsa pamulu ngati tomato. M'nsapato yanu ndinaika ndine. Chifukwa cha tsitsi lija."

Ndinali nditakonzeka kulandira khofi, tsaya ndinali nditalipereka kale. Achemwali anadzutsa mpando, anakhala pansi, n'kuyang'ana mbaleyo nthawi yaitali. Kenako misozi inayamba kutsika, yopanda phokoso. Bola akanandimenya.

"Ukudziwa chimene wandilanda?" anafunsa.

"Pepani, achemwali. Nsapato ndigula zina."

"Nsapato! Chitsiru iwe. Tsiku lija nditakaona kanthu kaja ndinaopa, inde. Koma pansi pa mtima ndinakondwa. Ndinagona tulo tabwino koyamba chaka chino. Ndinati, kani si mutu wanga. Kani sindine mbuli, alipo amene akundichita. Tsopano wabwera ndi mbale yako kudzandiuza kuti palibe amene anandilodza. Ndinalephera ndekha, kawiri konse."

Mkulu wanga wa mimba imodzi, munthu amene ndimagona naye chipinda choyandikana, anali atanyamula zimenezi zaka ziwiri, ine n'kumaona ngati ndi munthu wonyada chabe. Kuseka konse kwa ku Oakville kunali kwa munthu amene watsala ndi chinthu chimodzi chodzitamira nacho. Ndinalira nanenso, mamina ndi tinyanga zili m'kamwa.

Atapukuta m'maso anatambasula dzanja, anatenga kachidutswa, ananunkhiza, n'kulawa ndi mano a kutsogolo.

"Nzama," anatero monyansidwa. "Ndataya nsapato zanga chifukwa cha nzama."

Chigamulo anapereka pomwepo, chachimudzi. Wolakwira munthu sapepesa pafoni, amapita ndi nkhuku. Ndinawakumbutsa kuti ku Mississauga nkhuku yamoyo sungaipeze, ndipo ngakhale utaipeza m'sitima sangakulole. Anati imeneyo ndi nkhani yanga. Choncho tsiku limene tonse tinali pa ofu tinakwera basi, kenako sitima, kenako sitima ina ya ku Oshawa, ine nditanyamula nkhuku yowotcha ya m'sitolo pamiyendo, fungo lake litadzaza chipinda chonse. Achemwali ananyamula jumbo lakuda la mabuku ndi botolo la jamu lija. Anakhala mpando wina, kuti anthu asadziwe kuti tili limodzi.

Mayi wa ku Chipata anatsegula chitseko, sanamwetulire. Ndinagwada pakhitchini pake, nkhuku ili m'manja, n'kufotokoza zonse kuyambira pa tsitsi. Nditafika pa masipuni awiri milomo yake inayamba kunjenjemera. Nditafika pa mchere wa pachisanu anagwira firiji n'kuseka mpaka kukhosomola. Anatenga botolo, analiyang'anitsitsa kuwala, n'kunena kuti nayenso akanathawa.

Kenako kuseka kunatha.

"Iwe nakukhululukira, ndiwe wopusa chabe," anandiuza. Anatembenukira kwa achemwali. "Koma imwe a sisi. Zaka zonse izi tidyela mbale imodzi, mwaniyesa mfiti? Ine?"

Sindinawaonepo achemwali anga akugwadira munthu amene si kholo. Tsiku limenelo anagwada pafupi ndi ine, pa matailosi ozizira, mawondo akulira.

"Ndinafuna pothawira," anatero. "Ndinathawira pa inu chifukwa ndinu amene munali pafupi. Ndilibe chodzikanira. Pepani."

Mayiyo anawayang'ana kanthawi, kenako anakoka jumbo lakuda lija, anatulutsa buku lalikulu kwambiri n'kulimenyetsa pathebulo.

"Nyamukani. Mwataya sabata yonse na vopusa. Tsegulani pa mankhwala a mtima, paja ndiye pamene mumagwela."

Ine ananditumiza kukadula nkhuku. Ndinkamva ali m'chipinda chinacho, wina akufunsa, wina akuyankha, wina akukalipa, mpaka nthawi ya sitima yobwerera inakwana.

Mayeso analemba. M'mawa wake ndinawaperekeza mpaka pakhomo la nyumba yolemberamo, ndipo sindinawaonepo ali otuwa chotero. Anandiuza kuti ulendo uno akalephera palibenso wonamizira, ndi iwo ndi mutu wawo basi. Atatuluka masana anandisimbira kuti pakhomo amauza aliyense kukhuthula m'matumba, ndipo m'thumba la jekete lawo munatuluka kanyanga kaja ka m'botolo. Mtsikana woyang'anira anakanyamula n'kumwetulira, ati amayi ake amaphika timeneti chaka chilichonse.

"Nanga munakatengeranji?" ndinafunsa.

"Ndimafuna kandione ndikulowa," anayankha. "Ndipo usandifunsenso."

Masiku odikira zotsatira m'nyumba mwathu munalibe phokoso. Achemwali ankapita kuntchito, kubwera, kudya, kugona. Tsiku limene uthenga unabwera anali okha. Ine nditafika ndinawapeza atakhala pathebulo logwedera lija, foni ili patsogolo pawo, manja ali pamiyendo. Anangoikankhira kwa ine. Ndinawerenga kawiri, kenako ndinalulutira mwamphamvu mpaka eni nyumba anatsika ndi chimpeni chawo kudzaona amene akuphedwa. Munthu woyamba kumuimbira anali wa ku Oshawa.

Panapita miyezi ingapo asanapeze malo pachipatala. M'mawa umene ankayamba ntchito ndinadzuka mochedwa, ndinavala mothamanga kuti basi isandisiye. Achemwali anali ataima pamasitepe atavala kale yunifolomu, kachitupa kolembedwa kuti namwino kakulendewera pachifuwa. Ndinadabwa kuti akudikira chiyani. Ndinalowetsa phazi m'nsapato.

"Mayo!"

Choipa chitsata mwini. Kanyanga kaja kanagwa pansi, kanagubuduka, kakuda bii, kakununkha mafuta odzozera odwala.

"Usakhudze," anatero achemwali, nkhope ili gwa. "Ndikubweretsere masipuni?"

Kenako mapewa anayamba kugwedezeka, mimba n'kutsatira, mpaka anakhala pansi pasitepe ndi yunifolomu yawo yatsopano. Basi inatisiya tonse awiri, ndipo tinayenda wapansi mpaka pamsewu waukulu, ine ndikutsimphina.